Dzina la Pamsana pa Uladi

Amene amandinyamulira mabelo a kaunjika kuchokera ku Mandimba, kutsidya kwa malire, kudzafika pa Chiponde ndi a Uladi, bambo wamtali woyenda mokoka mwendo wamanzere. Ali ndi njinga yamoto yofiira, ndipo akaima pa chipata cha kasitomu amatsamira mwendo wamanja wokha. Ine ndimagulitsa jombo, majezi ndi masokosi a mpira. Tinayenda limodzi nthawi yaitali ndisakudziwa kuti munthu amene ndimamugwira m'chiuno pa njingayo anatchulidwapo dzina lake pa wailesi m'dziko lonse lino.

Anandidziwitsa ndi dalaivala wina wa thiraki amene ankadikira mapepala ake pa malire. Atawaona anatsika, navula chipewa, n'kufunsa ngati iwo sanali Nasir, womwetsa zigoli wa timu ya dziko uja. A Uladi anangogwedeza mutu, napitiriza kumanga belo langa.

Mutu wanga wa geni unathamanga pomwepo. Anyamata a pa Chiponde ndi ku Namwera amalimbirana majezi olembedwa mayina a osewera a ku Ulaya amene sadzawaona ndi maso. Nanga wathu wa pakhomo, woti akhoza kumupatsa moni pa siteji? Ndinawauza a Uladi kuti ndikufuna kukadinditsa majezi ku Mangochi boma, pamsana pakhale NASIR ndi nambala naini.

"Dzinalo si langa, Bilal," anandiyankha. "Ndinangolivala."

Nkhani yake anandiuza pang'onopang'ono, pa maulendo angapo, mphepo ikudula mawu ena. Zotsalazo anandiuza mlongo wawo, a Asiatu, amene amagulitsa usipa wouma mu msika wa Mangochi. Bambowa andikhululukire, pofotokoza za zaka zakumbuyozo ndiwatchula Uladi basi, monga ankatchulidwira nthawiyo.

Uladi anabadwira ku Makawa, pa msewu wa ku Monkey Bay. Bambo ake, Che Mustapha, anali siginala wa chilimira, munthu uja amakhala yekha m'bwato laling'ono la nyali, n'kusonkhanitsa usipa pansi pa kuwala, kenako n'kugogoda m'mbali mwa bwato kuti anzake akoke ukonde waukulu wotchedwa chilimirawo. Eni zilimira ankawalimbirana. Iwo ankati siginala wabwino sayang'ana pomwe pali nsomba, amayang'ana kumene ikupita.

Diso limenelo mwanayo analitenga, koma anapita nalo ku mpira. Pa mchenga, pakati pa mathandala oyanikapo usipa, anzake akamathamangitsana ndi chikulunga, iye ankangoima ngati wotumidwa amene waiwala chomwe amutuma. Ankamunena ulesi. Koma mpira ukagunda munthu n'kugwa, unkapeza iye ali pomwepo. Atakula pang'ono anayamba kusewerera timu ina ya ku boma, ndipo Loweruka ankapalasa njinga yobwereka kupita ndi kubwerera.

Che Mustapha sankazifuna zimenezi. Maso awo anali atayamba kuchita khungu chifukwa cha utsi ndi kuwala kwa nyali, ndipo ankafuna mwana wawo wamwamuna yekhayo alowe m'bwato iwo akadali okhoza kumuphunzitsa. Kwa iwo mpira unali wa ana osapita ku jando. Ankakonda kunena kuti chigoli sichiyanikidwa pa thandala.

Amene anasintha zinthu ndi Che Nasir, amjomba ake a Uladi, mlongo wawo wa amayi ake. Anali telala ku Ndirande, ndipo chaka chimenecho anabwera kudzadya Idi kumudzi. Anaonera masewero a chikho ku boma, naona mphwawoyo akumwetsa zigoli ziwiri osatuluka n'thukuta lomwe. Atabwerera ku Makawa ananena kuti mwanayo apita naye ku Blantyre. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu a mjomba pa mwana wa mlongo wake amalemera kuposa a bambo womubereka. Che Mustapha anali mkamwini, kwawo kunali kutsidya, ku Makanjira. Anakana, koma kukana kwawo kunalibe pogwira. Tsiku lonyamuka sanaperekeze mwanayo ku msewu.

Ku Blantyre amjomba anapita naye ku timu ina yaikulu ya mu ligi. Mphunzitsi anamuyesa masana amodzi n'kunena kuti alembedwe. Uladi anali panja akuvula jombo zobwereka pamene mlembi wa timu anafunsa Che Nasir ngati mwanayo anali wawo.

"Ndi wanga," anatero Che Nasir.

Sananame. Munthu aliyense wa ku Makawa akanayankha chimodzimodzi za mwana wa mlongo wake. Koma mlembiyo anali wa kwina, kumene mwana amatenga dzina la bambo, ndipo anamva kuti akulankhula ndi bambo. Anafunsa dzina lawo, namva kuti Nasir, nalemba Uladi Nasir. Palibe amene anawerenganso. Mwini wake analimva koyamba pa zokuzira mawu za m'bwalo, akulowa m'malo mwa wosewera wina, ndipo anacheuka kuti aone amene akuitanidwa.

Tsiku lomwelo ku Makawa anthu anali atasonkhana pa wailesi ya mwini golosale, pansi pa mtengo wa mango woyandikana ndi gombe. A Asiatu akuti bambo awo, ngakhale anali atalankhula zambiri zonyoza mpira, anavala mkanjo woyera, nabwera kudzakhala patsogolo penipeni. Masewero ali pafupi kutha, goloboyi anataya mpira, ndipo unapeza Uladi ali pomwepo. Woulutsa mpira anakuwa dzina mobwerezabwereza: Uladi Nasir, Uladi Nasir. Anthu analumpha, kenako anayamba kukhala chete mmodzimmodzi ataona nkhope ya Che Mustapha.

"Wati ndani?" anafunsa.

Wina anawabwerezera. Iwo anadzuka, nasasa mchenga ku mkanjo, nati ankayesa kuti awaitanira mwana wawo. Asanafike patali, mnzawo wina wa pa chilimira, munthu wa pakamwa pakuthwa, anawaponyera mawu kuti kani Che Mustapha anangofungatira mazira a nkhuku ya eni. Ena anaseka. Chipongwe chimenecho chinakhala pa gombe zaka zambiri.

Ligi itatha Uladi anafika kumudzi ndi wailesi yatsopano ya bambo ake. Iwo anamulandira ndi manja awiri, mwaulemu wonse woyenera mlendo, namufunsa kuti kwawo a Nasir anawasiya bwanji. Wailesiyo anaipereka kwa Asiatu osaitsegula n'komwe. Uladi anafotokoza zonse za mlembi uja. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto, nati akumvetsa ndithu kuti mlembi analakwitsa.

"Koma iye analakwitsa tsiku limodzi," anatero. "Iwe walivala chaka chonse."

Ndinawafunsa a Uladi chifukwa chimene sanalisinthire, poti kwa ine chinthu cholembedwa molakwika chimangofufutidwa. Anati anayesa. Akuluakulu a timu anamuuza kuti dzinalo linapita kale ku bungwe la mpira, ndipo wosewera wosintha dzina pakati pa njira amamuganizira kuti akubisa zaka. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Iye ankagona pa mphasa m'kashopu ka amjomba ake, pakati pa makina ndi zidutswa za nsalu. Jombo zikang'ambika ankasoka ndi amjombawo. Masewero aliwonse a m'Blantyre ankapita wapansi kukamuonera, ndipo ana aamuna analibe. Tsiku lina Uladi anayambitsa nkhani ya dzinayo. Che Nasir sanasiye kupalasa makina. Anangoti ngati likumuyabwa alivule, ndipo tsiku limenelo sanadye. Uladi sanaitchulenso.

Choncho anasewera ali Nasir. Mu timu imeneyo anakhala zaka zisanu. Chaka china anaposa onse mu ligi pomwetsa zigoli, chaka china anatenga chikho. Amene anamuonera amati zigoli zake sizinali zokongola. Zambiri zinali za pafupi, zina za pachifuwa, zina za pa bondo, zina zongokankha mpira umene wagunda mtengo wa golo n'kubwerera. Otchinga kumbuyo ankadandaula kuti munthuyo sumuona masewero onse, umangomuona akutola mpira mu ukonde. Akagoletsa sankavina kapena kuvula jezi. Ankapita pa mtengo wa golo n'kuugogoda ndi nkhonya, monga siginala agogodera bwato. Ochemerera ankayesa kuti ndi zamankhwala. Oulutsa mpira anazolowera kunena kuti Nasir wagogodanso.

Ku Makawa Che Mustapha anasiya kupita pa nyanja maso atatheratu, nayamba kusoka maukonde a anthu mongopapasa. Ankanena poyera kuti mwana wa pa wailesi alibe. Koma a Asiatu akuti Loweruka lililonse masana ukonde wofunika kusoka unkapezeka kuti uli pafupi ndi mtengo wa mango uja. Ankakhala atafulatira wailesi. Woulutsa akati wagogodanso, manja awo ankaima pang'ono pa ukonde, kenako n'kupitiriza.

Anaitanidwa ku timu ya dziko ali m'chaka chachitatu ku Blantyre. Poyamba ankayambira pa benchi, kenako anapeza malo ake. Anagoletsa kunja kwa dziko, anagoletsanso pakhomo, ndipo pa jezi ya dziko dzina lija linalembedwa pamsana ndi zilembo zikuluzikulu. Pambuyo pake timu ina ya ku Nampula inamugula. Njira yake yopita kumeneko inkadzera pa Chiponde pompano, ndipo ndi pamene anakumana ndi a Shamima, amene anadzakhala akazi ake. Ku Nampula anasewera bwino zaka ziwiri, koma mpira wa kumeneko unkaulutsidwa m'Chipwitikizi, ndipo wailesi za ku Makawa sizinkaugwira. Loweruka Che Mustapha ankasokera maukonde pakhonde.

Ali komweko analandira foni ya Asiatu kuti bambo akutsokomola kwambiri ndipo thupi likutha. Mwezi womwewo anaitanidwa kudzasewerera dziko pa masewero a pakhomo, ku Blantyre. Anaona kuti mwina umenewu ndi mwayi wotsiriza.

Dzulo lake la masewero, atamaliza kukonzekera, anatsatira woulutsa mpira wina wachikulire amene ankabwera kudzacheza ndi osewera. Anamupempha chinthu chimodzi, kuti akagoletsa mawa, asanene Nasir yekha, anene kuti ndi mwana wa Che Mustapha a ku Makawa. Mkuluyo anaseka, nafunsa ngati amenewo ndi a bizinesi ofuna kulengezetsa malonda. Uladi atamufotokozera mwachidule, anasiya kuseka.

"Goletsa kaye, mphwanga," anatero. "Ukagoletsa nditchula ngakhale dzina la bwato lawo."

Uladi anaimbira Asiatu kuti mawa bambo akakhale pafupi ndi wailesi, osawauza chifukwa. Iwo anayankha kuti alibe nthawi ya mpira, ali ndi ukonde wa eni woti amalize. Ukondewo unali pansi pa mango.

Chigawo choyamba Uladi anamenya mpira ndi mutu, nugunda mtengo wa pamwamba. Bwalo lonse linabuula. M'chigawo chachiwiri mnzake wa kumanja anathamanga nawo m'mphepete n'kuuponya pakati. Uladi anaona pomwe ugwere, monga nthawi zonse, nafika. Goloboyi wa alendowo nayenso anafika. Uladi anali ataponda ndi mwendo wamanzere, ndipo thupi lonse la goloboyi linagwera pa bondo limenelo kuchokera m'mbali. Mpira unagubuduka pang'onopang'ono n'kudutsa kunja kwa golo. Osewera amene anali pafupi akuti anamva kulira kwa bondolo. Iye sanadzuke.

Ku Makawa anamva woulutsa akukuwa, kenako mkuluyo anangoti zii. Kunkangomveka phokoso la bwalo. Atayambanso kulankhula, mawu ake anali otsika, osati a mpira.

"Amene wagona pansiyu ndi Uladi, mwana wa Che Mustapha a ku Makawa, ku Mangochi. Che Mustapha, ngati mukumva, mwana wanu wavulala kwambiri. Akumunyamula pa machira."

Singano ya ukonde inagwa pa mchenga.

"Wati ndani?" anafunsa Che Mustapha.

"Wati Mustapha, ababa," anayankha Asiatu.

Che Mustapha anatembenukira ku wailesi, koyamba m'zaka zonsezo. Kenako anauza Asiatu kuti akawatengere nkhwaira ndi kofia, ndipo afunse minibasi yoyamba ya m'mawa.

Munthu ameneyu anali asanapitirirepo Liwonde. Anayenda akutsokomola njira yonse, dzanja lili pa phewa la mwana wawo wamkazi. Anafika ku chipatala ku Blantyre nthawi yoona odwala itatha. Pa khomo la chipinda cha odwala anapeza Che Nasir ali ndi kabakuli ka phala, akuchonderera namwino kuti alowe. Alamu awiriwa anali asanalankhulane chichokereni mwanayo ku Makawa. Namwino anati alola munthu mmodzi yekha, wachibale weniweni, nafunsa akulu awiriwo kuti wodwalayo ndi ndani wawo.

A Asiatu akuti amjomba anatsala pang'ono kunenanso kuti ndi wawo. Anayang'ana mlamu wawo wosaonayo, amene anali atayang'ana khoma poyesa kuti ndi kumene kuli namwino. Anawagwira dzanja, nawatembenuza, n'kuika dzanjalo pa chitseko.

"Ndi wanga," anatero Che Mustapha.

Che Nasir anawapatsa kabakuli kaja, napita kukakhala pa benchi panja.

M'katimo bambo anapapasa bedi mpaka anapeza mwendo. Anayendetsa zala pa chikhakha kuyambira pa ntchafu mpaka ku chidendene, monga ankayendetsera pa ukonde pofuna pong'ambika. Kenako anachigogoda pang'ono ndi nkhonya. Uladi akuti apa ndi pamene analira, osati m'bwalo muja.

"Unauona mpirawo?" anafunsa bambo.

"Ndinauona, ababa."

"Ndiye chinavuta n'chiyani?"

"Goloboyi nayenso anauona."

Che Mustapha anagwedeza mutu, nati mabwato awiri pa usipa umodzi zimachitika, ngakhale kwa siginala wodziwa. Anatsegula kabakuli, nauza mwanayo kuti amwe phala la amjomba ake lisanazizire. Za dzina sanatchule tsiku limenelo, ndipo sanadzatchulenso.

Bondolo silinabwerere. Ku Nampula anamudikira kanthawi, kenako anagula wina. Atachira anayesa kusewerera timu yake yakale ya ku boma, koma diso linkafika pomwe mpira ugwere mwendo usanafike, ndipo ana asukulu anayamba kumuseka. Anasiya. Anakhala ku Makawa miyezi imeneyo, akuwatsogolera bambo ake ku mzikiti, wina wosaona, wina wotsimphina. Mvula ya chaka chotsatira isanathe, Che Mustapha anamwalira. Atatha maliro ndi sadaka, Uladi anasamukira kwa akazi ake ku Chiponde, nagula njinga yamoto ndi zimene zinatsala.

Tsiku limene a Uladi anamaliza kundiuza zimenezi tinali titaima pa mlatho waung'ono kuti injini izizire. Ndinafuna kuwatonthoza, ndinati komabe bambo awo analimva dzina lawo pa wailesi. Iwo anavomera kuti analimva, kamodzi.

"Zigoli zonse zinapita kwa amjomba," anatero. "Ababa analandira bondo."

Majezi ndinakadinditsa ndithu, koma pamsana ndinalembetsa MUSTAPHA ndi nambala naini. Wodinda anandifunsa kawiri ngati sindinalakwitse. A Uladi nditawaonetsa anaigwira nthawi yaitali, naipinda, n'kuiika m'kati mwa jekete. Sindinawaonepo atavala. Madalaivala achikulire akawakuwira kuti Nasir amakwezabe dzanja, chifukwa amjomba awo akadali moyo ku Ndirande, ndipo Idi iliyonse amapita kukawaona.

Pa Chiponde majeziwo sanayende. Anyamata ankawatembenuza n'kufunsa kuti Mustapha ameneyu ndi wa timu iti, ndipo ndikayamba kufotokoza ankatola ya ku Ulaya n'kumapita. Anakhala pa chingwe mpaka mapewa anayamba kuyera ndi dzuwa. A Asiatu atamva anati ndiwapatse angapo apite nawo kumudzi. Sabata isanathe anandiimbira kuti ndibweretse otsala onse. Ku Makawa palibe amene anafunsa za timu. Amene anagula ndi asodzi a pa chilimira, ena mwa iwo oti mpira sautsata n'komwe. Iwo ankadziwa Mustapha mmodzi, siginala, ndipo akuluakulu awo anakokapo ukonde atamva kugogoda kwake. Ndili ndi chikhulupiriro kuti asodzi a ku Malembo ndi ku Msaka adzawafunanso, chifukwa kumeneko Che Mustapha anagwirakonso ntchito.

Ndinawauza a Uladi nkhaniyi ndili wokondwa, tikumanga belo pa chipata. Anamvetsera osandiyang'ana. Atamaliza kumanga anandifunsa ngati asodziwo amavala majeziwo pamtunda pokha, kapena amalowa nawo pa nyanja. Ndinati a Asiatu akuti amalowa nawo.

Anakoka chingwe kuona ngati chalimba, nakweza mwendo wamanzere ndi dzanja kuti udutse pa chishalo, n'kundiuza kuti ndikwere.